Nyimbo Imene Imakuyankhulirani

Amayi anzanga, kodi ndi nyimbo iti imene ikangoyamba kulira pa wailesi mumaima chilili, mthiko uli m'manja, mpaka nsima kupserera? Musakane, pakuti palibe mayi amene alibe yake. Wina yake ndi ya kwaya, wina ndi kaswida, wina ndi ya gitala ya makedzana imene ana ake amaiseka, ndipo winanso ndi iyi yangotuluka kumene imene waimvera m'foni ya mwana wake wamkazi. Ambiri a ife sitiitchula pagulu. Ikamaimbidwa timangokhala ngati tikupukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje, chikhalirecho tikupukuta zina.

Kuno ku Mangochi nyimbo sizisowa. Kuchokera ku Makanjira kudzafika ku Malindi, kuwoloka mlatho wa Shire pa boma, kutsata msewu wa ku Monkey Bay mpaka ku Chembe, khutu silipuma. Pa gombe pali chimkuzamawu, pa msika pali china, wa kabaza wamangirira chake pa njinga yamoto, ndipo mayi woyanika usipa pa thandala wapanira foni m'chiuno ikuimba. Zambiri mwa izi zimangodutsa ngati mphepo. Koma mwa nyimbo zonse zimene mayi wamva kuyambira m'mawa, pamakhala imodzi imene imalowa m'kati n'kukhala pansi. Nkhani yathu sabata ino ndi ya imodzi imeneyo. Maganizo anga ndi akuti mkazi wa pabanja sakondera nyimbo kukoma kwa ng'oma kokha ayi. Amaikonda chifukwa yamunenera chimene iye wakhala akuchisunga kukhosi, chimene mwambo, ulemu kapena mantha sizimulola kuchitula ndi pakamwa pake.

Tiyeni tione zina zimene zatigwira mtima zaka zapitazi. Mu 2020 Patience Namadingo adakhala pansi ndi a Giddes Chalamanda, mkulu wa ku Chiradzulu wobadwa mu 1930, naimba pamodzi nyimbo zakale za mkuluyo. Mwa izo mudali Linny Hoo, imene a Chalamanda adaipekera mwana wawo wamkazi. Pofika kuchiyambi kwa 2022 idali itaonedwa koposa ka 80 miliyoni pa TikTok, ndipo anthu a maiko amene sadziwa ngakhale liwu limodzi la Chichewa ankaivina. Iwowo ankangovina. Ife kuno tinkamva china: bambo wokalamba akutchula dzina la mwana wake mwachikondi. Mkazi akakwatiwa dzina lake la paubwana limazilala pang'onopang'ono. Amasanduka make a uje, kapena akazi a che uje, ndipo amene ankamuitana ndi dzina lenileni lija, bambo ake ndi mayi ake, ambiri adagona kale kumsitu. Tsono mayi wa zidzukulu akamva nkhalamba ikuitana mwana wake chotero, khutu lake limachotsapo dzina la eni n'kuikapo lake.

Mu 2024 kudatchuka gogo wina, Jetu, wa zaka zopitirira 70, ndi nyimbo ya Wakalamba Wafuna. Achinyamata adaitenga ngati nthabwala, ndipo n'zoona kuti ndi yoseketsa. Koma mukadayang'anitsitsa nkhope za amayi aakulu pamene inkaimbidwa pa zinkhoswe mukadaona kuti iwo sankaseka mofanana ndi ana. Awa ndi amayi amene dziko lidawauza kale kuti nthawi yawo idatha, kuti chatsala n'kulera zidzukulu ndi kukhala pa mkeka wa maliro. Kuona mnzawo wa imvi atagwira chimkuzamawu, anyamata akumuombera m'manja, kudawadzutsa ambiri pa mipando ngakhale mawondo ankakana.

Chaka chomwecho, pa 30 Juni, Lucius Banda adamwalira ku South Africa, pasanathe masabata atatu dziko litataya a Saulos Chilima pa ngozi ya ndege. Nyimbo zake, zimene ena adali ataziika kumbuyo, zidabwerera pa wailesi ndi m'maminibasi a pa msewu wa ku Liwonde. Lucius adali wa ku Balaka, mnansi wathu wa khomo ndi khomo. Amayi amene adali atsikana pamene chimbale chake choyamba, Son of a Poor Man, chinkatuluka kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, adalira maliro awiri: a woimbayo ndi a utsikana wawo. Adakumbukira kaseti yozunguliza ndi cholembera ikatafunidwa, mabatire oyanika pa dzuwa kuti apezeko mphamvu ya usiku umodzi, ndi mnyamata amene adawabwereka kasetiyo, amene mwina ndiye bambo wa m'nyumba lero, mwinanso ayi.

Pali chinanso chimene anzathu a ku Dedza kapena ku Lilongwe sangachimvetse msanga. Kuyambira 1968 mpaka m'zaka za m'ma 1990 wailesi ya MBC inkayankhula Chichewa ndi Chingerezi basi. Chiyao chinkangomveka mwa apo ndi apo m'nyimbo za magule. Mwa ichi nyimbo ya Chiyao ikakwera n'kumveka dziko lonse, monga idachitira Ademwiche ya gulu la Fikisa cha m'ma 2012, imene ambiri ankangoitcha Akamwile, mayi wa ku Namwera kapena kwa Katuli amamva ngati mlendo wolemekezeka walowa m'nyumba mwake nam'patsa moni m'chiyankhulo cha amake. Mayi yemweyo amagula ndi kugulitsa m'Chichewa tsiku lonse pa msika, koma mwana akadwala usiku amamutonthoza m'chiyankhulo chimene iye adayamwira.

Komabe nyimbo zimene zimalasa kwambiri kuno ndi zonena za munthu amene adachoka, pakuti boma lathu ndi la akazi odikira. Ena amadikira usiku umodzi. Dzuwa likapendeka amuna amakankhira mabwato ndi maboti m'madzi, ndipo kukada nyanja imadzaza nyali ngati mudzi wina wamera pakati pa madzi. Siginala ali m'bwato lake ndi nyali kukopa usipa, anzake akukonza chilimira. Mkazi amene watsala kumtunda amadziwa kuwerenga mphepo monga mlimi awerengera mitambo. Miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti, mwera ukauka pakati pa usiku, tsekera za mpanda zikayamba kulira, tulo timathawa. Sangadzutse ana. Sangapite kukagogoda kwa apongozi kuti ndikuopa, popeza kutchula choipa amati n'kuchiitana. Chimene amachita n'kutsegula wailesi motsitsa, n'kuiika pafupi ndi khutu. Nyimbo iliyonse imene idzamupeze pa ora limenelo, kaya ndi ya Mulungu kaya ndi ya chikondi, idzakhala yake mpaka tsiku lake lomaliza. Nsomba zikathawa asodzi amazitsata, ku Msaka, ku Malembo, ku Makanjira ngakhale ku Salima, ndipo usiku umodzi uja umasanduka miyezi.

Ena amadikira zaka. Ulendo wa ku Joni sudayambe lero. Agogo athu adaperekeza amuna awo ku Wenela kukakumba golide, ena ku Salisbury ndi ku Bulawayo, mpaka chiyankhulo chathu chidachita kupeza dzina la amene sadabwerere: machona. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana itangonyamuka, nipha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo kuchokera kumigodi. Dr Kamuzu Banda adaletsa kulemba anthu ntchito imeneyi. Mu 1977 idayambanso pansi pa dzina la Teba, kenaka idatheratu mu 1988. Koma njira sidatsekeke. Ulamuliro wa tsankho utatha ku South Africa mu 1994, anyamata adayamba kupita okha pa basi, kudzera ku Tete ndi ku Beitbridge, ndipo Mangochi ndi limodzi mwa maboma amene amatumiza ambiri. Nyumba zambiri za malata zimene mukuziona m'midzi mwathu zidachokera kumeneko. Mu 2008 ndi mu 2015, pamene eni dziko adaukira alendo, mabasi adabweza anthu athu, ambiri mwa iwo a kunoko, ena atangotsala ndi zovala za m'thupi.

Mkazi wa munthu wa ku Joni ali ndi chisoni chimene saloledwa kuchionetsa. Anzake amaona malata ndi foni yaikulu, nati ali pabwino. Akadandaula amati wakhuta. Kwa apongozi sangadandaule, popeza ndalama zomwezo ndizo zikudyetsa mtundu. Kwa mwamuna pa WhatsApp amangokamba za fetereza, fizi ya ana ndi matenda a agogo, chifukwa mayunitsi ndi ochepa, ndipo munthu wotopa ndi ntchito ya eni safuna kumva misozi. Nanga mawu aja akuti ndakusowani amapita kuti? Nanga funso lija limene limamudya usiku, lakuti kodi kumeneko muli nokha, amalifunsa bwanji? Zonsezi zimalowa m'nyimbo. Ndaona amayi akutumizira amuna awo nyimbo pa foni popanda kulembapo liwu ndi limodzi lomwe. Mwamuna wa makutu amamva, ndipo akabweza nyimbo yake ndiye kuti banja lakambirana. Koma alipo mkazi amene mwamuna wake adasiya kuyankha zaka zitatu zapitazo, amene sali wamasiye komanso sali pabanja, amene ankhoswe amangomuuza kuti dikirani. Ameneyo ndiye mumamuona akutuluka panja mwakachetechete nyimbo ina ikayamba pa ukwati wa mwana wa mnzake. Musamutsate ndi mafunso. Mutsateni ndi madzi akumwa, mukhale naye pambali mpaka nyimboyo ithe.

Kuyankhula kudzera m'nyimbo si kwachilendo kwa ife. Chimene chasintha n'chakuti kale mayi sankabwereka mawu kwa munthu. Ankapeka yekha, ndipo bwalo lake lidali pamtondo. Inu amene mudakula zigayo zisanachuluke mukukumbuka: mbandakucha, akazi awiri kapena atatu pa mtondo umodzi, minsi ikulowa mosinthana, wina akutsogola nyimbo, anzake akuvomera. Kugunda kwa munsi ndiko kudali ng'oma. Nyimbo zake zidali zazifupi, mawu owerengeka obwerezabwereza, koma m'menemo munkakhala mlandu wathunthu: mwamuna amene adapita kumigodi osatumiza ngakhale kalata, mpongozi wosayamika, mkazi mnzake wa pamitala wokonderedwa pa nsalu, chitonzo cha kusabala, mwana amene adapita asanamere mano. Dzina la munthu silinkatchulidwa, koma m'mudzi ndani sadziwa za mnzake? Mwamuna ali chigonere m'nyumba ankamva zonse. Apongozi ankamva. Mwini mbumba, mlongo wake wa woimbayo, amene pa mwambo wathu wa Chiyao ndi Chinyanja ndiye woyang'anira alongo ake ndi ana awo, nayenso ankamva, ndipo ngati adali munthu wanzeru ankadziwa kuti nthawi yoitana ankhoswe yakwana. Chikhalirecho palibe amene akadamuzenga mlandu mayiyo, pakuti iye adangoimba pokonola chimanga.

Chinthu chachikulu pamtondo chidali kuvomera kuja. Mayi akaponya dandaulo lake, anzake ankalilandira ndi pakamwa pawo nalibweza. Ngakhale amene sadagwirizane naye ankavomerabe, chifukwa munsi sudikira. Potero chisoni cha munthu mmodzi chinkasenzedwa ndi makosi atatu dzuwa lisanatuluke, ndipo pomapeta ndi lichero mtima udali utapepukako. Taganizirani tsono za mdzukulu wake lero, amene wakhala yekha m'chipinda, tizingwe ta foni tili m'makutu, nyimbo ikumunenera zonse bwino lomwe koma popanda womuvomera ndi mmodzi yemwe. Nyimboyo ikatha amaibwereza, ikathanso amaibwerezanso, ndipo m'mudzi simudziwika kanthu.

Sindikunena kuti tibwerere ku matuza a m'zikhatho. Chigayo chidatipumitsa, ndipo masiku ano ngakhale kukonola kuli ndi makina ake. Amene adasinjapo dengu lathunthu ali ndi mwana kumsana sangalilire masiku amenewo. Koma pa mzere wa kuchigayo palibe amene angaimbe, injini ikubangula. Nyimbo zina za pamtondo zidapulumuka chifukwa Hugh Tracey adayenda m'dziko muno mu 1950 ndi mu 1958 ndi makina ojambulira mawu, ndipo zimene adajambula zikusungidwa ku yunivesite ya Rhodes ku South Africa, kutali ndi adzukulu a eni ake. M'masiku a chipani chimodzi luso lomwelo lidatengedwa kupita ku mabwalo a misonkhano, kumene mbumba inkapeka mawu atsopano pa mayimbidwe akale kutamanda Ngwazi. Boma la nthawiyo linkaidziwa bwino mphamvu ya nyimbo, mpaka lidaletsa Cecilia ya Simon ndi Garfunkel chifukwa cha dzina lokhalo.

Chimene chidalowa m'malo mwa mtondo ndi wailesi. Dziko lino lisanakhale ndi nyumba yakeyake youlutsira mawu, makolo athu ankamvera ya ku Lusaka, pa kawailesi kotsika mtengo kooneka ngati poto kamene kadayamba kugulitsidwa mu 1949. Kumeneko kudali pologalamu yotchedwa Zimene Mwatifunsa, ndipo mawu a Alick Nkhata adadziwika kuchokera ku migodi ya mkuwa mpaka kuno kunyanja. MBC itayamba mu 1964, ndi mawailesi a Nzeru atafika m'midzi, mwambo wopempha nyimbo udamera mizu. Munthu ankagula sitampa, n'kulemba kalata kapena kulembetsa kwa mwana wa sukulu, n'kudikira masabata. Tsiku limene dzina lake latchulidwa mudzi wonse unkadziwa, ndipo ochenjera ankamvetsera kwambiri nyimbo imene wasankha koposa moni amene wapereka. Moni udali wa onse, kwa alamu, kwa atsibweni, kwa anzake a ku mpingo; koma nyimboyo inkakhala ndi mwini wake mmodzi.

Pologalamu ya Zokonda Amayi ya pa MBC idakula pa maziko amenewa. Idayamba ngati malo opatsirana moni ndi kupempha nyimbo, koma amayi omwe ankangomvana maina pa wailesi adayamba kufunana, nakhazikitsa magulu m'maboma, nasoketsa nsalu zofanana, namayenderana pa matenda ndi pa maliro. Apa ndi pamene ndimaona kuti kuvomera kuja sikudafe. Kudangosowa pokhala, ndipo kutapeza mpata kudabweranso. Ife a kuno tili ndi mwayi winanso. Wailesi ya Dzimwe idayamba kuulutsa mawu ku Monkey Bay mu 1998 ndi khama la bungwe la amayi atolankhani la MAMWA mothandizidwa ndi UNESCO, ndipo cholinga chake chidali chakuti mayi wa kumudzi amveke. Radio Maria idayamba mu 1999 pa Mangochi pomwe pano, ndipo amayi achisilamu ali ndi Radio Islam. Woulutsa mawu wa pafupi amadziwa kutchula bwino dzina la mudzi wanu, ndipo amadziwa kuti mayi akapempha nyimbo yomweyomweyo masabata atatu otsatizana si chifukwa chakuti sadziwa zina.

Mwina wina akufunsa kuti kodi n'chifukwa chiyani mawu ndi zingwe chabe zimatha kumugwetsa munthu wamkulu misozi. Anthu ophunzira adalifufuzapo funsoli. Mu 2011 akatswiri a pa yunivesite ya McGill ku Canada adapeza kuti munthu akamamvera nyimbo imene imamuchititsa tsemwe, ubongo wake umatulutsa dopamine, mankhwala a m'thupi omwenso amatuluka munthu akamadya chakudya chimene amachikonda; ndipo amayamba kutuluka mbali yokoma ija isanafike, pamene mtima ukuiyembekeza. N'zodziwikanso kuti nyimbo zimene munthu adazimva ali mtsikana mpaka zaka zoyamba za banja ndizo zimakanirira kwambiri m'mutu, ndi kuti nkhalamba imene yayamba kuiwala maina a ana ake imatha kuimba nyimbo ya paubwana wake osaphonya. Ife tidazidziwa kale izi popanda makina. Taonani agogo amene amayenda ndi ndodo m'mene amachitira ng'oma ya manganje ikalira anamwali akutuluka ku ndagala, kapena likwata likayamba. Ndodo imaiwalika pansi.

Koma tisabise mawu: mpeni womwewo umene umasenda chinangwa umathanso kucheka chala. Alipo amayi amene asandutsa nyimbo chida cholasira anzawo. Wina amatembenuzira chimkuzamawu ku mpanda wa mkazi mnzake wa pamitala, n'kuika nyimbo yonyoza kuyambira m'mawa. Wina amaika pa WhatsApp kanyimbo kamene aliyense wa m'mudzi akudziwa kuti kakupita kwa yani. Pamtondo zoterezi zidaliponso, koma padali malire, chifukwa mayi wamkulu kapena nankungwi ankatha kusintha nyimbo ikafika poipa, ndipo woimbayo ankayang'anana maso ndi maso ndi anthu amene adzakumane nawo kumadzi. Foni ilibe nankungwi. Milandu ina imene imafika kwa a mfumu idayamba ndi nyimbo ya mphindi zitatu. Ndiponso tisaiwale kuti ana ali pomwepo. Mwana wa zaka zisanu amaloweza mawu onse, oyenera ndi osayenera, ndipo adzawaimba mokweza tsiku limene kwabwera apongozi kapena a shehe.

Chimene chimandidandaulitsa koposa ndi ichi: nyimbo zambiri zimene timabwereka adapeka ndi amuna, ndipo ambiri mwa iwo ndi anyamata a m'tauni. Ena ali ndi luso lenileni ndipo amatha kulowa mu mtima wa mkazi modabwitsa. Koma m'nyimbo zambiri mkazi amaoneka pawiri pokha: kapena ndi duwa lokongola lofunika kulifunsira, kapena ndi njoka yokonda ndalama. Mayi wa ana asanu amene amadzuka usiku kukalimbirana usipa pa gombe, amene ali ndi ngongole ku banki m'khonde, amene amakondabe mwamuna wake ngakhale amukwiyira, simumupeza kawirikawiri. Timangodzipanikiza m'chovala cha eni, pena chothina pena chokhwepa. Amayi oimba alipo, koma taonani kumene ambiri adathawira. Ethel Kamwendo Banda, amene adayamba kuimba ali mwana m'magulu a nyimbo za dziko, adatembenukira ku nyimbo zauzimu. Grace Chinga, amene imfa yake mu Malichi 2016 idaliritsa amayi dziko lonse, adatchuka ndi zauzimu. Chifukwa chimodzi n'chodziwika: kumeneko ndiko kumene mkazi wa pabanja angaimirire pagulu n'kukweza mawu popanda kulozedwa chala. Ndipo mukamvetsera bwino nyimbo zauzimu zimene amayi timazikonda, mudzapeza kuti zadzaza ndi adani osatchulidwa maina, misozi ya usiku, kudikira ndi chitonzo. Ndi mtondo womwe uja, wangovala nsalu ya ku mpingo. Amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Dorika, ngakhalenso amayi achisilamu poimba kaswida, onse amatsogola ndi kuvomera monga ankachitira agogo awo.

Luso lopeka nalonso likadalipo. Pitani ku sikelo ya ana tsiku la katemera mukamve m'mene amayi amasandutsira malangizo a alangizi a zaumoyo kukhala nyimbo. Pitani ku litiwo, kumene mayi wa mimba yoyamba amalangizidwa, kapena ku chilangizo cha mkwatibwi, kapena pa msonkhano wa banki m'khonde tsiku logawana ndalama. Nthawi zonse pamakhala mayi mmodzi wa lilime lakuthwa amene amaponya mawu atsopano pa nyimbo yakale, anzake n'kugwa ndi phwete, kenaka n'kuvomera. Palibe amene amamutcha woimba, dzina lake silidzamveka pa wailesi, ndipo zimene wapeka lero mawa zaiwalika.

Pamenepa ndipo ndikupempha inu amene muli ndi foni zotha kujambula mawu, ndipo ndinu ambiri. Foni yomweyo imene mumapita nayo kwa mnyamata wa pa msika kuti akuikireni nyimbo za Driemo, Eli Njuchi kapena Onesimus ikhoza kusunganso mawu a amayi anu, a azakhali anu, a anganga amene atsala. Mukawapempha kuti aimbe adzakana. Adzati adaiwala, adzati mano adatha, adzati zimenezo n'zachikale. Si kuti akunama. Nyimbo ya pamtondo sibwera munthu atakhala pa mpando manja ali pa miyendo. Bwerekani mtondo kwa amene akadali nawo, muthiremo chimanga pang'ono ndi kuwaza timadzi, muitane mnzawo mmodzi wa msinkhu wawo, inu mugwire munsi wachiwiri. Foni muiike pa lichero chapafupi, ndipo ana aamuna muwatume kutali, chifukwa zina zimene zidzatuluke pamenepo zikukhudza agogo awo aamuna.